Tinamulira Ali Moyo

Mlongo wanga ananyamuka Lachiwiri m'mawa. Ndinamuperekeza ndekha mpaka pasiteji ya minibasi ku Luchenza, chifukwa amayi anakana kupita. Anati mawondo akuwaphwanya, koma ine ndinadziwa kuti sankafuna kukalira pamaso pa anthu. Tinabadwa anayi, awiri anamwalira ali makanda, n'kutsala ine ndi iyeyo, mzime. Bambo athu anamwalira iye asanayambe n'komwe sukulu.

Unali mwezi wotentha, tiyi atasiya kuphuka. Nyengo imeneyi esiteti imapumitsa anthu ambiri othyola tiyi mpaka mvula itagwa, ndipo mlongo wanga anali atapumitsidwa kachitatu. Anatopa nazo. Mnzake wina amene anapita ku Joni zaka za m'mbuyomu anamupezera ntchito yosamalira maluwa pakhomo pa munthu, ndiye anagulitsa njinga yake ndi mbuzi ziwiri n'kugula tikiti ya basi yonyamukira ku Blantyre.

Minibasi ikudzaza, anatulutsa mutu pawindo.

"Achemwali, foni yangayi ikangodutsa malire siigwiranso. Mukaona zii musadandaule. Ndikafika ndikagula layini ya konko, ndikuimbirani."

Ndinamva bwinobwino. Ndikunena zimenezi chifukwa pambuyo pake ndinayesa kudzinamiza kuti sanandiuze.

Ine ndimagwira ntchito kunazale ya esiteti, kumene timabzala timitengo ta tiyi m'machubu n'kumathirira mpaka titakula. Lachinayi cha m'ma teni koloko, tikupuma pamthunzi, mayi wina amene ndimagwira naye ntchito anandipatsa foni yake. Pafoniyo panali chithunzi cha basi itagona cham'mbali m'chidzenje, mawindo ataphwanyika. M'mphepete mwa msewu munali anthu atagonekedwa pamzere, atafunditsidwa mabulangete, mapazi okha ali panja. Pansi pake analemba kuti basi yochokera ku Malawi yopita ku Joni yagubuduzika, afa ndi ambiri, ndipo ochuluka ndi a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mawu omaliza anali akuti titumize kwa ena kuti abale adziwe.

Ndinatulutsa foni yanga. Pafoni tili ndi gulu la anthu a kwathu kuno pamodzi ndi abale athu amene ali ku Joni. M'gulumo ndi mmene timamvera za maliro, za amene akubwera ndi katundu, za mtengo wa feteleza. Anthu ake ndi ambiri, ena sindiwadziwa n'komwe. Chithunzi chija chinali chitalowamo kale katatu.

Ndinamuimbira mlongo wanga. Foni sinalowe. Ndinaimbanso, n'kuimbanso, mpaka mnzanga uja anandigwira dzanja. Kenako ndinachita zimene aliyense m'gulumo ankachita. Ndinalemba dzina lonse la mlongo wanga, mudzi wathu, n'kuwonjezera kuti ananyamuka Lachiwiri, kodi alipo amene wamva za iye? Pamwamba ndi pansi pa uthenga wanga panali mauthenga a anthu ena, aliyense akutchula wake.

Palibe anayankha. Ndinabwerera kumachubu anga, ndikuthirira mzere umodzimodzi kawiri.

Cha m'ma fili koloko foni inalira. Anali msuweni wanga wa ku Blantyre, amene sali n'komwe m'gulu lathu lija. Ankalira moti mawu sankamveka bwino. Anati ndione zimene wanditumizira. Unali mndandanda, pamwamba atalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti awa ndi mayina a anthu amene amwalira pangozi ya basi. Dzina la mlongo wanga linali lachinayi, ndi mudzi wathu womwe. Pamodzi ndi mndandandawo panabwera uthenga wa mawu. Bambo wina ankalankhula mopuma movutikira, akuti anali pompo, waona ndi maso ake, palibe wapulumuka kutsogolo kwa basi. Kalankhulidwe kake kanali kakwathu kuno ndithu. Sanatchule dzina lake, ndipo ine sindinaganize zofunsa.

Akapitawo anandilola kupita. Ndinakwera kabaza. Panjira ndinakonza zoti ndiyambe ndafika kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, kuti iwo ndiwo akaswe nkhaniyo mwa chikulu. Koma njira ya kwa amalume imadutsa pakhomo pathu, ndipo amayi anali pakhonde akupeta nandolo.

Amayi anathyola tiyi zaka zoposa makumi atatu, dengu lili kumsana, mpaka msana ndi mawondo zinakana. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ankamwa mapilitsi tsiku ndi tsiku. Kuwerenga sankatha, koma nkhope yanga ankaiwerenga kuyambira ndili mwana.

"Waweruka msanga bwanji?" anandifunsa, lichero lili m'manja.

Ndinaima pabwalo, foni ili m'manja.

"Waimba?"

Ndinapukusa mutu. Anaika lichero pansi pang'onopang'ono, n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse foni. Ndinawapatsa. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake sindinaibise. Anayang'ana chithunzi cha basi nthawi yaitali, atachiyandikitsa kumaso. Kenako analoza ndi chala mapazi a munthu mmodzi mwa ogonekedwa aja.

"Nsapato zake izi."

Zinali nsapato zakuda wamba, zimene theka la anyamata a ku Luchenza amavala. Koma inenso nditayang'ana ndinaona nsapato zake. Amayi anafuula mfuwu umene unamveka mpaka kutsidya kwa dambo, ndipo pasanapite nthawi azimayi anayamba kufika akumanga nsalu m'chiuno.

Amalume anabwera ndi wailesi yawo yaing'ono m'manja. Iwo ndi munthu wosapupuluma, anagwira ntchito m'fakitale ya tiyi mpaka kupuma. Anati tisathamange, tidikire nkhani za sikisi koloko. Azibambo anazungulira wailesiyo pansi pa mtengo wa mapeyala. Nkhani zinawerengedwa zonse, za msonkhano wa nduna, za mafuta a galimoto, za mpira. Za basi panalibe. Amalume anapotokola kupita pa siteshoni ina. Kumenekonso kunalibe.

"Ngozi yaikulu chonchi, wailesi zonse osanena?" anatero amalume.

"Aaa, achikulire, inu mukudalirabe zimenezo?" anayankha bambo wina woyandikana nafe nyumba. "Iyo yoyambayo ndi ya boma, imabisa. Inayo imangodziwa kutukwana boma. Za amphawi a ku Thyolo angaziike pankhani? Zoona masiku ano zili pafoni."

Anthu anavomereza, ndipo inenso mumtima ndinavomereza. Sikuti tinalibe chifukwa. Chaka chimene mvula inagwetsa nyumba kumudzi kwathu, tinagona kusukulu masiku angapo wailesi zisanatitchule, pamene zithunzi za pafoni zinali zitafika kale kwa abale athu ku Joni. Tinazolowera kuti wailesi ndi ya anthu a m'tauni ndi andale, foni ndiye yathu. Amalume anazimitsa wailesi n'kutuma anthu kukatenga mabenchi kutchalitchi.

Lachisanu m'mawa pakhomo panali patadzaza. Amayi anali atalira mpaka mawu kutha, ankangoyankhula chapansipansi m'Chilomwe, chinenero chimene ankabwererako zinthu zikawathina. Chakudya anakana. Mapilitsi awo palibe anawakumbukira, ngakhale ine.

Pakati pa odzapepesa panabwera aphunzitsi ena a pasukulu yathu ya pulayimale, ochokera kumpoto, amene anali atakhala kwathu chaka chimodzi chokha. Atapereka moni kwa amalume, anandipempha kuti tipite pambali, kuseri kwa khitchini.

"Pepani kwambiri, amayi. Ndingafunseko? Amene wakuuzani za imfayi ndani? Apolisi? Eni basi?"

"Palibe. Dzina lake lili pamndandanda."

"Mndandandawo walemba ndani?"

Sindinadziwe. Anatulutsa foni yawo n'kukulitsa chithunzi chija ndi zala.

"Taonani udzuwu, ndi wobiriwira. Mwezi uno njira yonse ya ku Joni ndi youma ngati kuno. Anthu aimirira apawa avala majekete. Ndachifufuza chithunzichi m'mawa uno, pali njira yake yofufuzira. Chinatuluka kale zaka zingapo zapitazo, m'dziko lina. Sindikunena kuti mlongo wanu ali bwino, zimenezo sindikudziwa. Koma basi iyi si imene anakwera."

Ndikanayenera kuwagwira mwendo. M'malo mwake ndinapsa mtima. Ndinali nditalira tsiku lathunthu, thupi lonse litavomereza kale, ndipo munthu uyu ankandiuza za udzu. Bambo woyandikana nafe uja anali atamva, ndipo analankhula mokweza kuti anthu ophunzira amavuta, amabwera pamaliro a eni ake kudzachita mayeso. Aphunzitsiwo anapepesanso, n'kupita kusukulu.

Ndinalowa m'nyumba mmene munali amayi. Ndinakhala pambali pawo, mawu a aphunzitsi ali pakamwa. Ndinaganiza kuti ndikawapatsa chiyembekezo, kenako mtembo n'kufika, ndiye kuti ndawapha kawiri. Ndinati ndidikire kaye mpaka madzulo. Ndinangowapukuta nkhope ndi nsalu yonyowa.

Dzuwa lili paliwombo, amayi anafuna kudzuka pamphasa kuti apite panja. Anagwada, anaimirira pang'ono, kenako anagwera pa azimayi amene anali pafupi. Titawatembenuza, pakamwa panali patakhota, dzanja lamanja lili lende. Tinawatengera kuchipatala pagalimoto ya mkulu wina wa mpingo. Adokotala anati magazi anathamanga kwambiri mpaka anawononga m'mutu, ndipo mbali yonse ya kumanja yafa.

Loweruka masana ndinali pampopi kuseri kwa wodi ndikuchapa nsalu za amayi pamene foni inalira. Nambala inali yachilendo, yaitali.

"Achemwali, ndafika! Anatisunga pamalire tsiku ndi theka, mapepala a basi anavuta. Amayi ali bwanji?"

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo.

"Ndiwe ndani?"

"Aaa, achemwali, masiku anayi okha mwaiwala kale mawu anga?" Anaseka. Kuseka kumeneko sindingakusokoneze ndi kwa munthu wina aliyense padziko. Ndinalira mokuwa mpaka azimayi odikirira odwala anathamanga kudzandigwira, akuganiza kuti wodwala wanga watisiya.

Nditamufotokozera zonse, anati ndiwapatse amayi foni. Ndinathamangira m'wodi n'kuiika pakhutu lawo lakumanzere. Ndinkamumva akuitana, "Amayi! Amayi, ndine, ndili moyo!" Amayi anamvetsera. Kenako anatembenuzira nkhope kukhoma. Lilime linali lolemera, koma ndinamva zimene ananena.

"Musandinamize."

Ankaganiza kuti tapeza munthu wa mawu ofanana ndi ake kuti tiwatonthoze. Tsiku lotsatira mlongo wanga anabwereka foni ya mnzake yoonetsa nkhope, n'kuimba. Anali apo, atavala malaya omwe ananyamuka nawo, akulira, akugwedeza dzanja. Amayi anayang'ana kamphindi n'kutseka maso.

"Foni yomweyo," anatero. "Inandionetsa atafa. Lero ikundionetsa ali moyo."

Anakana kuyang'ananso. Amalume anayesa, abusa anayesa, anamwino anayesa. Amayi anali atanamizidwa kamodzi, ndipo anatsimikiza mtima kuti kachinthu kameneko sikadzawanamizanso.

Ndili kuchipatala komweko, masana ena amayi akugona, ndinatsegulanso mndandanda uja. Ndinkafuna kudziwa amene anatichita zimenezi. Ndinawerenga mzere wachinayi pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti dzina la mudzi wathu linali lolakwika, chilembo chimodzi chinasowa pakati. Ndinabwerera m'gulu lathu, kukwera m'mwamba mpaka pa uthenga umene ndinalemba Lachinayi m'mawa. Chilembo chomwecho chinasowanso pamenepo. Ndinayang'ana mayina enawo. Onse anali a anthu amene abale awo anafunsa za iwo m'gulumo, ndipo anali mundondomeko yomweyo imene tinafunsira. Munthu wina anangosonkhanitsa mafunso athu, n'kuchotsa mawu ofunsa, n'kulemba pamwamba kuti omwalira. Mwina anachita dala, mwina ankaganiza kuti akuthandiza. Sindinamudziwe mpaka lero. Chimene ndinadziwa n'chakuti dzina la mlongo wanga pamndandanda wa akufa ndinalemba ndine, ndi zala zanga.

Sindinauze munthu. Ndinalemba m'gulumo kuti mlongo wanga ali moyo, ngozi ija ndi yabodza, chonde tumizani kwa ena. Anthu ochepa anayankha kuti Mulungu ndi wabwino. Sindinamve kuti wina anautumiza kwina uthenga umenewo. Patatha milungu iwiri mndandanda uja unandipezanso, kuchokera kwa mayi wina wa ku Changata, akundipepesa.

Aphunzitsi aja ndinakumana nawo panjira amayi atatuluka m'chipatala. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula. Anati iwonso amadziimba mlandu, akanapita kwa amalume m'malo mobwera kwa ine amene ndinali wosweka mtima. Anafunsa ngati amayi akudya.

Mlongo wanga ankafuna kubwerera sabata yomweyo. Ine ndi amalume tinamuletsa. Anali atagulitsa zonse kuti apite, ntchito anali atangoiyamba, ndipo tinkati amayi akapeza bwino mutu ubwerera, avomereza. Apanso tinalakwitsa. Amayi anakhala miyezi inayi akulira mwana wamoyo. Ndinkawasambitsa m'mawa ndisanapite kunazale, masana ankawayang'anira akazi a amalume. Mawu anabwerera pang'ono, ndipo mawu amenewo ankawagwiritsa ntchito kundifunsa kuti tinamuika kuti, ndani anamusambitsa, bwanji sitinabweretse mtembo kuti agone pafupi ndi bambo ake. Ndikanena kuti ali moyo, ankandiyang'ana ndi chisoni, ngati wodwala ndine. Mlongo wanga anatumiza bulangete lofewa kudzera kwa anthu obwera ndi katundu. Amayi analikhudza n'kunena kuti ndisamawononge ndalama pogula zinthu zowanamizira.

Mlongo wanga anabwera mvula ili pakati, tiyi atabiriwira mapiri onse. Anasiya ntchito osatiuza. Ndinangoona kabaza waima pakhomo Lamulungu masana, iye akutsika ndi chikwama chomwe ananyamuka nacho, atanyowa. Amayi anali pampando pakhonde, pamene tinkawakhazika kuti aziona anthu odutsa. Iye anavula chipewa n'kugwada patsogolo pawo.

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali kwambiri, moti ndinayamba kuopa kuti agwanso. Kenako anakweza dzanja lamanzere, lamoyo lija, n'kumugwira tsaya. Anapapasa khutu, anapapasa chipsera cha pachipumi chimene anavulala ali mwana atagwa mumtengo wa mango. Anamukoka malaya mpaka mutu wake unagona pamiyendo pawo.

"Mwanaka," anatero m'Chilomwe, kutanthauza mwana wanga. Anabwereza kangapo. Kenako anatembenukira kwa ine, diso limodzi likutsika misozi. "Wanyowa. Mupatse chovala."

Amayi anakhala nafe milungu isanu ndi iwiri kuchokera tsiku limenelo. Iye ndiye ankawanyamula kupita nawo padzuwa, ankawadyetsa phala ndi supuni, ndipo amayi sankalola kuti achoke pamaso pawo. Akapita kumsika, ankafunsa kasanu kuti wapita kuti. Thupi linali litatha kale. Anamwalira m'mawa wina mvula itangokata, iye atawagwira dzanja.

Titatha kuika maliro, anthu atabalalika, ndinamuitana kumunda wa nandolo kuseri kwa nyumba. Ndinamuonetsa uthenga wanga ndi mndandanda uja, n'kumuuza zonse, ndi za aphunzitsi zomwe, kuti ndinadziwa m'mawa koma ndinakhala chete mpaka amayi anagwa. Anawerenga, anabweza foni. Anathyola kanthambi kouma n'kumakaphwanya m'manja.

"Mukanapanda kufunsa za ine, ndikanadandaulanso kuti achemwali anga sanandifunefune," anatero.

"Nanga zokhala chete zija?"

Iye anangoti akukaona ngati amalume afika bwino, n'kuchoka. Sitinaikambenso nkhaniyo. Amabwera kwathu, amasewera ndi ana anga, timaseka, koma funso limenelo likadali pomwe analisiya.

Ku Joni sanabwerereko. Malo ake anatenga wina, ndipo iye mtima wopita unamuthera. Analembedwanso kuesiteti, amathyola tiyi nthawi ya mvula, chilimwe amaumba njerwa. M'gulu lija ine ndikadalimo, chifukwa ndi mmene timamvera za maliro enieni. Chithunzi choopsa chikalowa ndimafunsa kuti wajambula ndani, liti, kuti. Ena amanditcha wovuta, ena anandiuza kuti ndagulidwa ndi boma. Nthawi zambiri palibe amandiyankha.

Chaka chitatha amayi atamwalira, tinapita awiri kumsika wa Luchenza kukagula malata awiri okonzera denga. Tikudutsa pamzere wa ogulitsa tomato, mayi wina amene anaphunzira naye kalasi imodzi, wokwatiwa cha ku Mphuka, anadzuka mwadzidzidzi mpaka beseni lake linagubuduka. Anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

"Inu! Si munamwalira pangozi ya basi inu?"

Anthu anatembenuka kuyang'ana. Mlongo wanga anawerama n'kuyamba kutola tomato amene anamwazika, mmodzimmodzi, akumupukuta pamalaya ndi kubwezera m'beseni.

"Ayi, achemwali," anatero ali chiweramire. "Anamwalira ndi amayi."